Diso la Wokama ndi Makina a ku Balmoral

Munthu amene wakhala m'Bauleni zaka zingapo, nazolowera kudzuka tambala asanatsike, adziwa kuti mkaka umene ulowa m'komboni muno sufika wonse pa galimoto za makampani, koma kuti wina udzera mu msewu wa Leopards Hill, uli m'zigubu zomangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga, kuchokera ku mafamu ang'onoang'ono a kum'mawa, cha ku Palabana ndi ku Chongwe. Khola la ng'ombe mulibe muno, pakuti nyumba zapanikizana kotero kuti ngakhale nkhuku isowa pofukula. Komatu ng'ombe sitinalekane nazo, chifukwa akuluakulu amasimba kuti mudzi uno unayamba ndi antchito a pa mafamu a Azungu, monganso makomboni ena a Lusaka amene kufikira lero asenza maina a eni malo ndi a makampani, John Laing, John Howard, George ndi Marrapodi. Pakati pa antchito aja panali abusa ndi okama, ena Asoli eni dziko, ena ochokera ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland, anthu amene zala zao zinadziwa bere la ng'ombe koposa umo mlembi adziwira cholembera chake. Za nthenda imodzi imene anthu otere anaiona ndi maso ao, dziko lonse lisanaimve, ndizo ndifuna kukamba pano.

Nthendayi Angerezi amaitcha lumpy skin, ndipo ife tingoti nthenda ya zotupa za pakhungu. Ng'ombe imene yagwidwa nayo imayamba ndi kutentha thupi, nthawi zina kufikira madigiri 41. Imaleka kudya, misozi ndi mamina ndi dovu zili chuchuchu, mkaka nuphwa m'bere mwadzidzidzi. Patapita masiku owerengeka khungu limabuka zotupa zolimba, zozungulira, zina ngati mtedza, zina ngati dzira la nkhuku, pakhosi, pamsana, pabere, pakati pa miyendo, ngakhale m'mphuno ndi m'kamwa. Zina zimaphwa zokha, koma zambiri zimauma pakati, nkhanambo yake nizuka ngati chitsekerero cha botolo, nisiya dzenje limene ntchentche zimaikiramo mphutsi. Miyendo imatupa, ng'ombe ya bere imataya mwana, nkhunzi imakhala miyezi yosabereketsa, ndipo chikopa chimene chikadagulidwa chimasanduka chosefera. Zakufa sizichuluka kwenikweni, kawirikawiri sizifika khumi pa zana. Koma mwini ng'ombe za mkaka safunikira maliro kuti asauke, pakuti ng'ombe yosakamika idya udzu ndi gaga monga inzake, osabweza kanthu. Munthu nthendayi simugwira, ndipo ichi chitonthoze amayi amene amagula mkaka wa pa njinga, ngakhale kuti mkaka wotere uyenera kuwiritsidwa ndithu chifukwa cha matenda ena.

Tsono taonani chodabwitsa: pafupifupi buku lililonse la madokotala a ziweto, likhale lolembedwa ku London, ku Cairo kapena ku Delhi, likafika pa nthendayi limayamba ndi dzina la dziko lathu, pakuti inaoneka ndi kulembedwa koyamba mu Northern Rhodesia m'chaka cha 1929, likulu la boma likali ku Livingstone, Lusaka ali kamudzi ka pa njanji. Masiku amenewo ofufuza za ziweto a boma la atsamunda anali ndi malo ao ku Mazabuka, ndipo mmodzi wa iwo, MacDonald, anaifotokoza mu lipoti la pachaka la dipatimenti yoona za umoyo wa ziweto, naipatsa dzina lakuti pseudo-urticaria, ndiko kunena chinthu chofanana ndi zidzolo zimene munthu amatuluka akakhudza chitedze kapena akadya chosayanjana ndi thupi lake. Anthu ophunzira aja anayesa kuti ng'ombe zadya therere lakupha kutchire, kapena kuti khungu lao lakwiya ndi kulumidwa ndi tizilombo touluka. Pa ganizo lachiwirili anayandikira choonadi osachigwira, monga mlenje amene waponda pa una wa mbewa napitirira: tizilombo touluka tinalimodi m'mlanduwo, koma tinali amtengatenga chabe, mwini mlandu ali wina wosaoneka.

Pano ndiyenera kutsutsa mau amene ndawamva kwa anthu ena ophunzira, akuti nthendayi inabadwira m'Zambia. Kulembedwa si kubadwa. Mwana wa kumudzi amene dzina lake lalowa m'kaundula tsiku loyamba sukulu sanabadwe tsiku limenelo. Chomwechonso 1929 ndi chaka chimene munthu wokhala ndi cholembera ndi udindo anakumana ndi ng'ombe yotupa. Aila a m'chigwa cha Kafue, Atonga, Alozi ndi Angoni anaweta ng'ombe mibadwomibadwo, ndipo ng'ombe zao za makolo, zimene khungu lake ndi lochindikala ndi thupi lake lozolowera dziko, nthendayi imazigwira mopepuka koposa umo igwirira ng'ombe za ku Ulaya. Zimene imazizunza koopsa ndi za khungu lopyapyala ndi mkaka wambiri, Friesian, Jersey ndi Guernsey, makamaka pamene zili pachimake pa kukamidwa. Walira mvula walira matope: amene anafuna mkaka wodzaza ndowa anaitana ng'ombe imene nthenda iliyonse ya dziko lotentha imalembapo dzina lake moonekera.

Kwa zaka khumi ndi zinayi nkhaniyi inakhala ya kuno kokha. Koma mu 1943 nthenda inabuka ku Ngamiland m'dziko la Bechuanaland, limene lero ndi Botswana, ndipo pomafika 1945 inali italowa mu Southern Rhodesia ndi mu Transvaal, kumene alimi a Chibunu anaitcha knopvelsiekte. Apo mpamene kunadziwika kuti ndi nthenda yopatsirana, pakuti dokotala wina, von Backström, atalondola mayendedwe ake ku Ngamiland analemba zimenezo mu 1945, ndipo ena ku South Africa anaonetsa kuti magazi ndi madzi a m'chotupa cha ng'ombe yodwala, akabayidwa mwa yamoyo, imadwala nayonso. Mliri wa ku South Africa unatha zaka zingapo, nukhudza ng'ombe ngati mamiliyoni asanu ndi atatu. Wowerenga Buku Lopatulika sangalephere kukumbuka zilonda zija zinabuka pa anthu ndi pa zoweta m'dziko la Farao. Kusiyana kwake nkwakuti pano panalibe Mose woti auze mfumu chifukwa chake, ndipo anthu anayenera kuchifunafuna okha, ndi magalasi ndi mabotolo, kwa zaka zina khumi ndi ziwiri.

Anachipeza ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria, kumene mu 1957 Alexander, Plowright ndi Haig anakwanitsa kumeretsa tizilombo tochokera m'zotupa pa timinofu tosungidwa m'mabotolo. Koma m'malo mwa kachilombo kamodzi anapeza mitundu ingapo, ndipo panapita nthawi asanalekanitse mwini nthenda ndi alendo ongopezekapo. Mwini nthenda anamutcha Neethling, ndiye wa banja limodzi ndi nthomba ya nkhosa ndi nthomba ya mbuzi. Wina anamutcha Allerton, ndipo ameneyu ndi wonyenga weniweni, chifukwa amatulutsa zotupa zofanana ndi zoyambazo, koma zosazama, zimene zimapola msanga osasiya dzenje. Plowright ameneyu ndi yemwe uja pambuyo pake anakonza katemera wa rinderpest, mliri umene unapululutsa makola a makolo athu nuoloka Zambezi mu 1896, ndipo unalengezedwa kuti watha pa dziko lonse mu 2011. Katemera wa nthenda ya zotupa anakonzedwa komweko ku Onderstepoort ndi Weiss ndi anzake, amene anafooketsa kachilombo ka Neethling pokasamutsa kambirimbiri, maulendo makumi asanu ndi limodzi pa timinofu ta impso za ana a nkhosa, ndi maulendo makumi awiri m'mazira a nkhuku okhala ndi anapiye, kufikira kanatsala ndi nkhope yake koma mano katataya. Mbeu ya katemera ameneyo ndiyo ibayidwa kufikira lero, kuno ndi kutsidya kwa nyanja.

Vuto limene linasautsa MacDonald silinathe ndi kupezeka kwa kachilomboko, chifukwa diso, ngakhale la munthu wozolowera, limanyengeka ndi khungu. Kuno kwathu kuli nthenda ina ya pakhungu imene inatenga dzina la Senkobo, malo a kufupi ndi Livingstone, ya nkhanambo zomata ubweya pamodzi nyengo ya mvula, kuli zotupa za kulumidwa ndi nkhupakupa, kuli mphere, kuli wonyenga uja Allerton. M'chilamulo cha Mose wansembe ankayang'ana banga la pakhungu, ndipo akakayika ankabindikiritsa wodwalayo masiku asanu ndi awiri kuti aonenso. Dokotala wa ziweto wa zaka za m'ma 1960 sanasiyane naye kwambiri, pakuti kumeretsa kachilombo m'botolo kunkatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pamene yankho linkafika, ntchentche zinali zitamaliza kale ntchito yao m'makola oyandikana. Kuyeza magazi nako kunali ndi malire ake, popeza thupi la chiweto limayankha mofanana kwa abale atatu aja, wa ng'ombe, wa nkhosa ndi wa mbuzi, osatha kunena kuti wadutsa ndi uti.

Nthenda nayo sinakhale pansi kudikira anzeru. Inafika ku Kenya mu 1957, ku Sudan kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ku Nigeria mu 1974, ku Egypt mu 1988. Ndipo mu 1989 inatuluka mu Africa, nigwera mudzi wa alimi a mkaka wotchedwa Peduyim m'dziko la Israel, kumene ofufuza anaganiza kuti ntchentche zoluma za m'khola zinauluzidwa ndi mphepo kuchokera ku Egypt, ndipo boma linapha ng'ombe zonse za m'mudzimo. Zonyamula nthendayi ndi zomwezo tizidziwa: ntchentche ya m'khola imene imaboola khungu ndi kuyamwa magazi, udzudzu, ndi nkhupakupa zina, kuphatikizapo ya bulauni ya m'makutu imene imafalitsanso denkete. Kachilombo sikafunika kukula m'mimba mwa ntchentche monga kachitira ka malungo mwa udzudzu; kamangomatirira pa mlomo, monga matope pa khasu lobwereka. Nchifukwa chake nthendayi imakonda dzinja ndi madambo, ndipo nchifukwa chakenso jakisoni mmodzi wobayira khola lonse angathe kuchita ntchito ya ntchentche chikwi. Koma ulendo wautali, wa makilomita mazanamazana, kawirikawiri nthenda imauyenda pa lole, m'thupi la ng'ombe yogulitsidwa imene sinayambe kuonetsa zotupa.

Chimene chinasintha kaonedwe konse chinachokera kutali ndi makola. Mu 1983 Kary Mullis wa ku America anatulukira njira yotchedwa PCR, imene anapatsidwa nayo mphotho ya Nobel mu 1993. Cholengedwa chilichonse, ngakhale kachilombo kosaoneka, chili ndi malembo a chibadwa chake, amene ophunzira amati DNA, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha. Achinyamata a ku yunivesite amawatcha majini, kutengera liu la Chingerezi, ndipo ndinaonapo nkhalamba ina ikusunthira kutali pa benchi itamva mdzukulu wake akunena kuti amagwira ntchito yowerenga majini a ng'ombe. Njira ya Mullis ili chonchi: munthu amatenga kachidutswa ka chotupa, kapena nkhanambo, kapena magazi, kapena dovu, nasungunulamo malembo aja, nathiramo tizidutswa tiwiri topangidwa dala, timene timagwirana ndi mzere umodzi wokha wopezeka mwa kachilombo kofunidwako, monga kiyi agwirana ndi loko wake, ndipo makina amatenthetsa ndi kuziziritsa kabotoloko mobwerezabwereza, ulendo uliwonse mzere uja nuwirikiza kawiri. Njere imodzi ya chimanga ikamawirikiza chotero maulendo makumi atatu, imapitirira biliyoni. Chinthu chimene chinali chobisika m'dontho chimachuluka mpaka makina achiona. Ngati kachilomboko mulibe, palibe chimene chichuluka. Mu 1998 Ireland ndi Binepal anaonetsa kagwiritsidwe ka njirayi pa banja la nthomba za ziweto, ndipo mu 2001 ofufuza a ku Plum Island ku America anawerenga malembo onse a kachilombo ka zotupa, napeza kuti ndi zilembo ngati 151,000, zogawika m'magawo 156. Yankho limene linkatenga masabata tsopano lituluka tsiku lomwelo.

Phindu la luso limeneli linaoneka bwino pamene nthenda inalowa ku Ulaya, itadzera ku Turkey mu 2013 ndi ku Greece mu 2015, nifalikira m'maiko a Balkan mu 2016. Azungu anagula katemera wa Neethling ku South Africa, nabaya ng'ombe zao mwaunyinji, ndipo malo obuka nthenda, amene anapitirira 7,000 mu 2016, sanafike 400 chaka chotsatira. Koma popeza katemerayu ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, ng'ombe zina zobayidwa zimatuluka tizotupa tating'ono kwa masiku ochepa, ndipo panabuka funso limene diso silikanatha kuliyankha: kodi iyi yadwala, kapena yangoyankha katemera? Pa yankho limenelo panali moyo wa khola lonse ndi malonda a dziko. Anakonza tsono PCR ina yolekanitsa kachilombo ka m'botolo ndi ka kutchire. Ndipo mu 2017, ku Saratov m'dziko la Russia, owerenga malembo anapeza chinthu chachilendo, kachilombo kamene malembo ake anali osakanizika, ena a katemera, ena a kutchire, ngati chitenje chosokedwa ndi zigamba za nsalu ziwiri. Tizilombo tosakanizika totere ndito tinafalikira ku China ndi kum'mwera cha kum'mawa kwa Asia, pamene kamene kanalowa ku Bangladesh ndi ku India mu 2019 kanapezeka kuti nkachibale wa ka ku Kenya. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala: malembo a kachilombo amaulula njira imene kadzera, ngakhale amalonda ndi maboma atakhala chete. Ku India mliri wa 2022 unapha ng'ombe zoposa 100,000. Ndipo mu 2025 nthenda inafika ku Sardinia, ndiponso ku Savoie m'dziko la France, kumene kuphedwa kwa ng'ombe kunachititsa kuti ngakhale mpikisano wao wotchuka wa njinga ufupikitse njira yake tsiku lina m'mapiri.

Tibwerere kwathu, kumene zonsezi zinayambira kulembedwa. Ntchito imene inali ku Mazabuka ili tsopano ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, cha ku Chilanga. Ndipo pa Yunivesite ya Zambia pali sukulu ya madokotala a ziweto, yomangidwa ndi thandizo la Japan m'zaka za m'ma 1980, imene inapatsidwa dzina la Samora Machel. Makina a PCR si nthano ya kunja ai, ali m'Lusaka muno, ndipo ana a dziko lino ndiwo awagwiritsa ntchito. Lamulo la umoyo wa ziweto la 2010 lilipo, ndipo nthendayi ili m'gulu la zimene dziko liyenera kuulula ku bungwe la dziko lonse loona za umoyo wa ziweto, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924. Pa pepala njira yake ndi yoongoka: mlimi auza mlangizi wa ziweto wa m'dera lake, mlangizi auza dokotala wa boma, dokotala adula kachidutswa ka chotupa nachitumiza chili pozizira, ndipo yankho likatsimikizika, ng'ombe za m'deralo ziletsedwa kuyenda ndipo zamoyo zibayidwa katemera.

Koma makina a ku Balmoral alibe miyendo. Sadziwa kuti ng'ombe ya mawanga ija, imene dzulo inadzaza ndowa, lero yapereka theka. Sadziwa kuti yaima payokha pansi pa mtengo, makutu ali pansi. Woyamba kudziwa ndi wokama, pakuti iye ndiye amatsamira mutu wake pa nthiti za ng'ombe m'bandakucha, namva kutentha kwa thupi lake pa tsaya, nakhudza ndi chala kachotupa koyamba kakali kobisika pansi pa ubweya. Ndipo wokamayo ndi wantchito, amene aopa kuti akanena adzamuyesa wosasamala. Mwini khola naye aopa kuti akaulula, mkaka wake udzakanidwa ku malo osonkhanitsira ndipo chilolezo choyendetsa ziweto chidzaimitsidwa. Mlangizi ali ndi dera lalikulu, njinga yamoto yake ilibe mafuta. Chiyambire zaka za m'ma 1990, pamene boma linachepetsa dzanja lake pa madibi ndi pa mankhwala a ziweto, ndipo Dairy Produce Board inagulitsidwa, mlimi wamng'ono anazolowera kudzithandiza yekha: amapita ku sitolo ya mankhwala a ziweto m'tauni, nagula jakisoni wa oxytetracycline, amene amaletsa mabala kuola koma kachilombo sakakhudza, nadikira. Ng'ombe zambiri zimachira, ndipo kuchirako kumamutsimikizira kuti anachita bwino kukhala chete. Katemera amagulitsidwa m'mabotolo a ng'ombe zambiri, oyenera kusungidwa pozizira ndi kutha tsiku lomwe asungunulidwa. Mwini ng'ombe zitatu, akapanda kugwirizana ndi anansi ake, amaona ngati kutaya ndalama, kufikira chaka chimene mvula ichuluka.

Sindinena izi monyoza alimi, pakuti ndikadakhala ndi ng'ombe zitatu ndi ana asanu a sukulu, sindidziwa ngati lilime langa likadapepuka koposa lao. Ku Ulaya mlimi amaulula chifukwa lamulo ndi lolimba, komanso chifukwa boma limamulipira ng'ombe zophedwa, ndipo ngakhale atero amalira ndi kutseka misewu ndi mathirakitala. Kuno woulula alandira chiletso, ndipo womubwezera mkaka wotayika palibe. Tikafuna kuti kachidutswa ka chotupa kafike ku Balmoral kakali kabwino, tiyenera kuyamba tafunsa chimene wokama ndi bwana wake apindula pakunena zoona.

Mbiri ya nthenda imafika m'Bauleni mwa njira yakeyake, yosadzera mu ofesi. Mwezi wa February, madzi atadzaza m'maenje a m'njira ndi udzudzu utachuluka, mnyamata wa njinga amene amabwera ndi zigubu zitatu amatulukira ndi chimodzi, nachonso chosadzaza. Mayi wogulitsa tiyi pa msika amayang'ana chigubucho, nayang'ana mnyamatayo, nati, "Nanga lero bwanji, mwanangu?" Iye amatsitsa mau, nayang'ana uku ndi uku, nati, "Amayi, ng'ombe zatupa kufamu. Abwana akuti tisauze munthu." Mayiyo amathira madzi pang'ono mu ketulo kuti tiyi akwanire makasitomala ake, ndipo pomafika masana msika wonse wadziwa.